Bokosi la Nambala 0417

Anafika Lachiwiri m'bokosi la katoni
kuchokera ku famu ya ng'ombe kummwera kwa Texas,
kumene minga imaboola nsapato
ndipo dzuwa limayamba lamumwa munthu lisanamuphe.
Wokonza mpanda ndiye anamupeza patsinde pa mtengo,
miimba itatenga kale gawo lake.

Ine yanga n'kutsuka.
Madzi ofunda, kaburashi ka mano,
kuchotsa dothi m'mphako za maso
mosamala, ngati wosambitsa khanda la eni
mayi wake atangotuluka pang'ono.

Dokotala Olvera amayala mafupa patebulo lachitsulo,
chigaza kumtunda, zala kumunsi,
akuwerenga chamumtima, milomo yokha ikugwedera.
Munthu wathunthu ndi mafupa mazana awiri kudza asanu ndi limodzi.
Uyu anaperewera makumi asanu ndi atatu.
Otsalawo akawafunse ankhandwe.

Chiuno chinati: mwamuna.
Ntchafu, titaiyeza, inati: wamfupi.
Kafupa ka paphewa kanati zaka makumi atatu sanazione.
Mafupa a khosi anali ophwatalala
ngati a munthu amene kuyambira ali mwana
ankasenza nkhuni ndi lamba wa pamphumi.
Mkono wamanzere unathyokapo kalekale
n'kupola mokhota.
Kwawoko chipatala chinali kutali, anatero Dokotala,
ndipo sanalembe zimenezo, fomu ilibe malo ake.

Thaddeus, wophunzira wa chaka chachiwiri,
anajambula za m'thumba chimodzichimodzi:
chipeso, supuni,
kapepala ka nambala ya foni komwe mvula inasiyapo manambala atatu.
M'lamba wa buluku munali kathumba kobisika
kosokedwa pamanja ndi ulusi wobiriwira.
Titatumbula tinapezamo dzino la mwana,
lokulunga m'pepala la switi.
Thaddeus anatuluka panja kukasuta,
chonsecho sasuta.

Tinacheka kachidutswa ka fupa n'kukatumiza kokayeza.
Kenako zii.
Miyezi khumi ndi isanu ndi inayi ali pashelefu
pakati pa anzake oposa mazana awiri,
aliyense ndi nambala yake pamphumi pa bokosi.
Kunja ophunzira ankathamangira mayeso, ena kumpira.
Ine ndikayatsa magetsi m'mawa ndinkati mwadzuka bwanji,
motsitsa, kuopa angandimve amoyo.

Yankho linabwera tsiku wamba, ndikudya sangweji.
Malovu a mtsikana wina wa ku Alta Verapaz
anagwirizana ndi fupa lathu.

Tinakhala atatu kutsogolo kwa kompyuta,
womasulira wa Chikekichi pakati.
Uko kunali mayi wovala bulauzi yoluka,
tambala akulira kuseri kwake, chithunzi chikudukaduka.
Dzina lawo Herlinda Pop.
Dokotala anawaonetsa msoko uja.
Anauyang'ana nthawi yaitali
mpaka tinayesa netiweki yathawanso.
Kenako anayankhula, womasulira n'kumeza malovu:
"Akuti ulusi wakuda unawathera."

Mkono uja anagwa mu mtengo wa mapeyala ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Dzino ndi la Floridalma,
linaguluka usiku woti bambo ake anyamuka mawa.
Anamuitana kuti timuone.
Anabwera, wamtali kuposa mayi ake,
mano onse ali m'kamwa, osamwetulira.

Eleuterio Caal Xol.
Ndinafufuta nambala, n'kulemba dzinalo ndi cholembera chakuda.
Ndinalakwitsa chilembo chimodzi, ndinayambiranso.

Dothi lomwe ndinachotsa m'maso mwake
ndinali nditalisunga m'kajumbo, sindidziwa chifukwa chake,
malamulo sanena kuti tizitero.
Ndinapempha womasulira afunse ngati tiliike m'bokosi.
Mayi Herlinda anapukusa mutu.
"Limenelo si lakwathu. Lisiyeni komweko."

Lili m'dirowa yanga mpaka lero,
pafupi ndi maburashi atsopano.
Lachinayi kukubwera mabokosi ena awiri.